Golide wobisika m'kamzere kofiira ka mRDT

Pa chipatala cha Zalewa m'boma la Neno, kufupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Shire, mwana wotentha thupi amabayidwa pachala ndipo pakapita mphindi zochepa zimadziwika ngati ali ndi malungo. Kamzere kofiira kamene kamaoneka pa kachipangizo ka mRDT kamapangidwa ndi golide weniweni, wosinjirika kwambiri moti maso sangaone kanjere kamodzi.

Mbiri yake inayambira ku London m'chaka cha 1857, pamene Michael Faraday anapeza kuti golide akakhala tinjere ting'onoting'ono m'madzi amataya mtundu wake wachikasu n'kufiira. Mu 1971, Faulk ndi Taylor anamatiza tinjere totere ku ma antibody, zinthu zimene zimagwira mdani mmodzi yekha m'thupi. Nzeru imeneyi ndi imene ili mu mRDT. Magazi akamayenda m'kapepala ka m'kati, ma antibody onyamula golide amagwira puloteni ya tizilombo ta malungo yotchedwa HRP2, n'kuunjikana malo amodzi mpaka kamzere kaoneke.

Kale, zipatala zopanda maikulosikopu zinkapereka mankhwala a malungo kwa aliyense wotentha thupi, ndipo ana ena odwala chibayo ankalandira mankhwala olakwika. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti wodwala aziyezedwa asanalandire mankhwala, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito mRDT m'zipatala zake. Kuyambira pamenepo LA, amene anayamba kuperekedwa mu 2007, anayamba kutsatira zotsatira za magazi.

Lero akatswiri akuyesa kumata tinjere ta golide pa kaboni wopyapyala ngati graphene, amene anapatulidwa koyamba ku Manchester mu 2004. Kaboniyo amadutsitsa magetsi bwino, choncho chipangizo chimatha kuzindikira ngakhale kachinthu kochepetsetsa m'magazi kapena m'madzi akumwa.

Golide saonongeka msanga, koma ma antibody amafooka ndi kutentha, ndipo kumunsi kwa Neno kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Alangizi a zaumoyo ndi ongodzipereka ayenera kusunga makatoni a mRDT pamthunzi, kutsegula paketi pokhapokha wodwala ali pafupi, ndi kuwerenga zotsatira pa nthawi yolembedwa papaketipo. Kamzere ka pa C kakapanda kutuluka, ayezenso ndi kachipangizo kena. Akumbukirenso kuti HRP2 imatsala m'magazi kwa masabata angapo munthu atachira, kotero mwana amene wangomaliza LA n'kutenthanso thupi afufuzidwenso matenda ena.