Pepala la Wiese: mlandu wa malo a kwa Undi umene unazengedwa ku London

Chakumapeto kwa Ogasiti, mafumu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akamasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, amagwadira Gawa Undi, mfumu imene dzina lake limanena za nthaka. Akuluakulu amatanthauzira kuti Gawa ndiye wogawa malo. Koma panapita zaka zoposa makumi anayi pamene nthaka ya kuno, ya ku Katete ndi Sinda yomwe, inkawerengedwa m'mabuku a ku London ngati katundu wa kampani, ndipo eni mudzi anali alendi pa minda ya makolo awo.

Nkhaniyi inayamba ndi Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga ya njovu amene ankakhala kwa Mpezeni. Chakumayambiriro kwa m'ma 1890 anatuluka ndi mapepala onena kuti mfumu ya Angoni yamupatsa ufulu pa malo ndi miyala ya pansi. Boma la Britain silinawavomere mapepalawo, popeza pangano lake ndi Apwitikizi la 1891 linali litaika derali m'manja mwake. Komabe kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inagwirizana ndi amene anagula mapepala a Wiese, ndipo mu 1895 inapereka kwa North Charterland Exploration Company maekala pafupifupi 6.4 miliyoni m'dera la Fort Jameson ndi Petauke.

Mbali yaikulu ya malowo inali ya Achewa ndi Ansenga, amene sanasaine kanthu. Ngakhale Mpezeni sanapindule. Azungu ankakhulupirira kuti m'dziko lake muli golide wambiri, ndipo mu Januwale 1898 asilikali a Britain anathira nkhondo Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa.

Golide amene ankamulota uja sanapezeke, kupatula pang'ono ku mgodi wa Sasare. Kampani inatembenukira ku nthaka yeniyeniyo: kugulitsa ndi kubwereketsa mafamu kwa Azungu olima fodya, kugulitsa katundu m'masitolo, kulemba amuna ntchito za ku Southern Rhodesia. Msonkho unkakankha anyamata kuchoka m'midzi. Mu 1924, boma la Britain litatenga Northern Rhodesia m'manja mwa kampani ya Rhodes, linatuma komiti yoti idule malire a marizevu, malo opatulidwira eni dziko, ndipo lamulo la 1928 linawakhazikitsa. Midzi inasamutsidwa ndi kupanikizidwa m'tizigawo tochepa. Nthaka inaguga, mitengo inatha, njala inazolowera. Chowawa kwambiri n'chakuti malo ambiri amene anthu anachotsedwamo sanalimidwe konse. Msika wa fodya unagwa cha mu 1928, Azungu amene ankayembekezeka sanabwere, tchire linamera pa mabwinja, nyama ndi kashembe zinabwerera.

Apa m'pamene pali gawo limene ambiri sitiliphunzira ku sukulu. Wodandaula ku khoti sanali Mchewa wosamutsidwa, koma kampani. North Charterland inati marizevu adulidwa m'malo ake popanda chipukuta misozi, ndipo inasumira mfumu ya Britain ku London. Inali ndi mgwirizano wolembedwa, inali ndi maloya. Chakumayambiriro kwa m'ma 1930 woweruza Luxmoore anagamula kuti lamulo limene mfumu ya Britain yakhazikitsa pa dziko lokhala pansi pa chitetezo chake lili pamwamba pa pepala la kampani, ndipo khoti silingaligwetse. Kampani inapitiriza kudandaula mpaka mu 1932 woweruza Maugham anatsogolera kafukufuku wa nkhani yonse. M'zipinda zonsezo munkakambidwa za Katete, koma munthu wa ku Katete munalibe.

Ine ndimaona kuti chigamulocho chinali cholondola pa chifukwa cholakwika. Chinateteza marizevu, inde, koma osati pozindikira kuti nthaka ndi ya anthu okhalapo. Chinangonena kuti wamkulu ndi boma. Mfundo imeneyo sinachoke m'dziko muno.

Mu 1941 boma linagula mbali yaikulu ya malo amene kampani inali isanagulitse, n'kuyamba kubwezeramo anthu ochokera m'marizevu odzaza. Lamulo la 1947 linatcha malo oterowo Native Trust Land. Nthawi imeneyo Undi anali atabwera kale kuchokera ku Mano, mbali ya Mozambique, ndipo m'ma 1930 boma la atsamunda linamuvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Achewa. Kulamba kunaletsedwa mu 1934, kunadzayambanso mu 1984 pansi pa Gawa Undi X.

Ufulu utabwera, mphamvu ya mfumu ya Britain inangosamukira ku Lusaka. Mu 1975 Kenneth Kaunda anathetsa umwini wa malo wamuyaya, mataitolo onse n'kusanduka lendi ya zaka zosapitirira 100. Lamulo la malo la 1995 likunenabe kuti nthaka yonse ya Zambia ili m'dzina la Pulezidenti, amene amaisunga m'malo mwa anthu. Marizevu ndi malo a trust aja anaphatikizidwa kukhala malo a mafumu. Wofuna taitolo pa malo oterewa amayamba wapeza chilolezo cha mfumu ndi khonsolo, kenaka boma limamupatsa lendi ya zaka 99. Malowo akatuluka m'manja mwa mfumu, kubwerera n'kovuta, n'chifukwa chake mafumu ambiri amakayikira kusaina.

Mkangano wa North Charterland umaonekanso masiku ano paliponse pamene mwini malo ndi bungwe la boma. Amene akugulitsa ziboliboli kapena zakudya pa bwalo la ndege la Mfuwe amachita lendi kwa Zambia Airports Corporation, kampani ya boma yomwe imayang'aniranso mabwalo a Lusaka, Ndola ndi Livingstone. Akasemphana, funso limakhala lomwe lija: kodi bungwelo likuchita ngati mwini nyumba wamba womangidwa ndi zimene anasaina, kapena ngati dzanja la boma? Kusiyana kwake n'kwakuti lero Ndime 16 ya Malamulo Aakulu a dziko imaletsa kulanda katundu wa munthu popanda lamulo lopereka chipukuta misozi choyenera, ndipo pali bwalo la milandu ya malo, Lands Tribunal.

Chitetezo chimenechi chimagwira bwino kwa amene ali ndi pepala. Mayi wa ku Vubwi amene amalima munda umene anasiyiridwa ndi amalume ake, umboni wake ndi nyakwawa, mitengo ya mango ya m'malire ndi manda a makolo. Akamva kuti kwabwera anthu oyeza malo, amayamba wathamangira kwa amfumu kukafunsa ngati asainapo kanthu.