Thilakita ya cikhasu kutsogolo: tiiyeze isanapite ku sikilapu

Ife amene tinakulila mu Estates m'zaka za m'ma 1990 tinali akatswili pa motoka za mawaya. Waya tinali kutola ku mipanda yakugwa, mawilo tinali kudula ku mapatapata akutha. Basi ndi lole aliyense anali kupanga. Koma amene anakwanitsa kupanga thilakita ya cikhasu kutsogolo, cokwela ndi kutsika ukakoka cingwe, ndiye anali mfumu ya mseu wonse. Ambili a ife tinali kulephela pa malo amodzi. Tikangokankha mcenga pang'ono, cikhasu cinali kupindika n'kulowa pansi pa mawilo, cifukwa tinali kucimanga ku mphuno ya thilakita. Takula, ndipo tadziwa kuti vuto limeneli ndi lomwe amisili enieni analimbana nalo kalekale.

Nkhani yake iyambila ku America. Mu 1923, m'tauni yaing'ono ya Morrowville ku Kansas, mlimi wina dzina lake James Cummings ndi mnzake J. Earl McLeod, wojambula mapulani, anapanga cikhasu cokankhila dothi comangilila kutsogolo kwa thilakita. Boma linawapatsa cikalata ca umwini wa nzelu imeneyi mu 1925. M'caka comweco makampani awili, Holt ndi Best, anaphatikizana n'kupanga Caterpillar. Ndiye kumene kunacokela liu lathu lakuti katapila. Conco katapila amene tidziwa lelo anayamba monga thilakita wamba imene anaiveka cikhasu.

Koma thilakita ya pafamu inapangidwa kuti izikoka, osati kukankha. Harry Ferguson wa ku Ireland ndiye anakonza mikono itatu ya kumbuyo yonyamulila pulawo ndi mphamvu ya haidiloliki. Thilakita yake yaing'ono yotuwa, TE20, inapangidwa ku Coventry kucokela mu 1946 mpaka mu 1956, ndipo zinatuluka zopitilila 500,000. Mu 1953 kampani yake inagwilizana ndi Massey-Harris, ndipo m'kupita kwa nthawi tinaona Massey Ferguson yofiila, monga 135 imene inatuluka mu 1964. Pa mathilakita onsewa mphamvu ili kumbuyo. Citsulo ca mawilo a kutsogolo cimagwila pa phini imodzi cabe pakati, kuti cizipendeka pa mabampu. Ukacikankhitsa mulu wa dothi, cingathyoke.

Yankho la amisili linali kupanga felemu. Zitsulo ziwili zolimba zinali kucokela pa cikhasu, kudutsa m'mbali kapena pansi pa injini, mpaka kukagwila kumbuyo pafupi ndi mawilo aakulu. Motelo dothi likamakana, mphamvu yonse inali kupita kumene thilakita ili yolimba. Ponyamula cikhasu, mathilakita ambili akale anali kugwilitsa nchito mikono ya kumbuyo ija: cingwe ca waya kapena ndodo yacitsulo inali kucoka ku mikono n'kufika kutsogolo, ndiye dalaivala akakweza mikono, cikhasu naco cinali kukwela. Pambuyo pake ndi pamene silinda ya haidiloliki inayamba kuikidwa kutsogolo kwenikweni. Cingwe cathu ca paubwana sicinali bodza. Cimene tinasowa ndi felemu.

Kuno kwathu, cikhasu cokankha dothi cinasintha dziko kwambili. Pomanga damu la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959, akatapila awiliawili anali kukoka cheni cacikulu cokhala ndi mipila yacitsulo, kugwetsa mitengo m'malo amene madzi anali kudzafika, kuti maukonde a asodzi asadzakodwe. Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwili za Zambezi anasamutsidwa. Mu 1967 nchito inayamba ku Kafue Gorge, kumene kampani ya ku Yugoslavia ya Energoprojekt inamanga malo opangila malaiti. Nthawi yomweyo tauni yathu inali kukula. Nitrogen Chemicals inayamba kutulutsa feteleza mu 1970, Kafue Textiles inali kuluka nsalu, ndipo Estates inamangidwa kuti anchito a m'mafakitale apeze pokhala. Nyumba zimene tikhalamo zinaima pa nthaka imene makina anayamba asalaza.

Nchito zazikuluzi zili ndi zithunzi ndiponso zinalembedwa m'mabuku. Thilakita ya pafamu yokhala ndi cikhasu inalibe woijambula. Nchito yake inali ya tsiku ndi tsiku: kukonza mseu wa pafamu mvula ikatha, kukwilila ngalande, kugumula culu, kuunjika manyowa ku khola la ng'ombe. Zikhasu zina zinabwela ndi thilakita kucokela kunja, koma zina anazipanga ndi owochelela a konkuno, ndi zitsulo zimene anali nazo pafupi. Cikhasu cotelo mulibe m'kabuku ka kampani iliyonse. Cikapita, capita ndi nzelu ya amene anacipanga.

Apa ndi pamene opanga tumathilakita tating'ono tilowela. Ku maiko ena iyi ndi nchito ya akulu, ndipo ali ndi miyeso yodziwika. Makampani monga Britains ndi Siku apanga zapafamu pa muyeso wa 1:32, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kathilakita iimila masentimita 32 pa yeniyeni. TE20 ndi yaitali pafupifupi mamita 2.9, conco pa muyeso umenewu itsala masentimita 9. Cikhasu ca mamita 1.8 cikhala masentimita 5.6. Kwa ife a mawaya ndi malata, 1:10 ndiye wosavuta: ungogawa ciliconse ndi 10, thilakita n'kukhala masentimita 29, kukula kokwana kuti cingwe ndi felemu zigwile nchito.

Koma masamu alibe phindu ngati palibe coyeza. Tikapeza thilakita yakale ya cikhasu, tiyang'ane zinthu izi. Felemu yagwila pati, ndipo ndi mabawuti angati? Cikhasu cikwela ndi cingwe, ndodo kapena silinda? Nkhope yake yapindika bwanji? Kupindika kumeneko ndi kumene kucititsa dothi kugubuduzika m'malo moima ngati khoma. Pansi pake pamakhala mpeni womanga ndi mabawuti, umene amasintha ukatha. Kumbuyo kwa cikhasu kuli nthiti zolimbitsa, ndipo pa zina pali mabowo olowetsamo phini kuti cikhasu cipendekele kumanja kapena kumanzele, dothi lizitayikila m'mbali. Tijambule ndi foni kutsogolo, m'mbali ndi pansi, titaika tepi kapena lula pafupi kuti kukula kuoneke.

Nthawi siili ku mbali yathu. Ogula zitsulo zakale ayenda paliponse ndi sikelo, ndipo kwa iwo cikhasu ndi makilo cabe. Sitingamunene munthu amene agulitsa cifukwa ca njala ya pakhomo. Tingomupempha ola limodzi lole isanabwele. Nawonso madalaivala ndi amakanika amene anagwila makina amenewa mafakitale ali pa mphamvu, tsopano ndi agogo. Iwo ndi amene adziwa cifukwa cake felemu ina inali kusweka pamene ina inakhala zaka.

Conco ngati kuseli kwa galaji ya kwanu, kapena pa famu ya ku Mazabuka kapena ku Chilanga, kuli thilakita yogona m'udzu ili ndi cikhasu, pemphani cilolezo kwa eni ake, tengani tepi, kabuku ndi mwana mmodzi wokonda mawaya. Muuzeni agwade ayang'ane pansi pa injini, atsatile felemu ndi cala mpaka pamene yagwila. Akabwelela kunyumba, cikhasu cake sicidzalowanso pansi pa mawilo monga cinali kucitila cathu.