LA KISS, timu ya oimba imene inangokhala zaka zitatu

Gene Simmons ndi Paul Stanley ndi anthu odziwa kutsatsa malonda. Chiyambire gulu lawo loimba la KISS mumzinda wa New York mu 1973, dzina la gululi alilemba pa chilichonse chimene munthu angatulutsire ndalama: malaya, zidole, mabuku a zithunzi, ngakhale bokosi la maliro limene linafika pamsika mu 2001. Ndi oimba aja odzipaka nkhope utoto woyera ndi wakuda, amene mmodzi mwa iwo ankalavula moto pansanja anthu n'kumakuwa. Choncho atalengeza mu Ogasiti 2013 kuti akuyambitsa timu ya mpira yotchedwa LA KISS, odabwa anali ochepa. Funso linali lakuti, kodi luso lodzaza holo usiku umodzi lingathe kusunga timu chaka ndi chaka?

Tiyambe tamvana za mpira wake, poti si uwu wamiyendo umene tinazolowera. Ndi wa ku America uja wosongoka mbali zonse, wonyamula m'manja, umene osewera amavala zipewa zolimba n'kumagundana mapewa. Koma uwu sasewerera panja. Amasewerera m'holo yofolera, momwe masiku ena mumachitikira basketball kapena hockey. Anauyambitsa ndi Jim Foster, yemwe ankagwira ntchito ku ligi yaikulu ya NFL. Nzeruyi inamubwerera mu 1981 akuonera mpira wamiyendo wa m'nyumba ku Madison Square Garden, ndipo bwalo lake analijambula pa envelopu ali pomwepo. Ligi ya Arena Football League inayamba mu 1987 ndi matimu 4.

Kutalika kwa bwalo lake ndi theka chabe la bwalo la NFL, mamita pafupifupi 46 m'litali ndi 26 m'lifupi. Mbali iliyonse kumakhala osewera 8 m'malo mwa 11. M'mphepete mulibe kothawira: pali kakhoma kofika m'chiuno kokutidwa ndi zofewa, ndipo wosewera akamukankha mwamphamvu amatha kudumpha kakhomako n'kukagwera pamiyendo ya munthu amene wakhala kutsogolo ndi chakumwa chake. Kumapeto konse kwa bwalo kumalendewera maukonde akuluakulu okungika, mpira ukawombapo umabwerera m'bwalo ndipo masewero amapitirira. Ukagwera kwa oonerera, amene waugwira ndi wake, amapita nawo kwawo. Mapointi amachuluka kwabasi, moti timu kupeza 50 n'kugonjabe si nkhani.

Masewero otere, othamanga ndi aphokoso, ankaoneka ngati anawapangira KISS. Ndipo oimbawa sanali oyamba kulowamo. Jon Bon Jovi anali mmodzi mwa eni ake a Philadelphia Soul, imene inatenga chikho cha ligiyi mu 2008. Dera la Los Angeles nalo linali ndi njala ya mpira, chifukwa matimu ake awiri a NFL, Rams ndi Raiders, anali atasamuka ikatha sizoni ya 1994. Mzinda wachiwiri kukula m'dziko la America unakhala zaka pafupifupi 20 wopanda timu ya NFL.

Komabe aliyense wowerenga mbiri akanaona manda atatu panjira yomweyo. Los Angeles Cobras inasewera chaka chimodzi chokha, 1988. Anaheim Piranhas inasewera 1996 ndi 1997, m'holo yomweyo imene KISS inadzasankha, ija lero ikutchedwa Honda Center. Los Angeles Avengers inalimbako kuyambira 2000 mpaka 2008, kenaka inatsekedwa. Ligi yeniyeniyo, imene panthawi ina inali ndi matimu 19, inalephera kusewera sizoni yonse ya 2009 chifukwa cha ngongole, ndipo inabwerera mu 2010 ikutsimphina.

Simmons ndi Stanley anagwirizana ndi manijala wa gulu lawo, Doc McGhee, komanso Brett Bouchy amene anali atayendetsapo timu ya Orlando Predators. Ntchito anaiyamba monga amadziwira. Asanakhale n'komwe ndi osewera okwanira, anauza dziko lonse kuti akufuna kulemba Tim Tebow, wosewera wotchuka amene timu ya NFL ya New England Patriots inali itangomuchotsa. Tebow sanabwere, koma dzina la timu linamveka m'nyuzipepala zonse popanda kulipira kalikonse. Tikiti yotsika mtengo ya sizoni yonse anaiika pa madola 99, ndipo wogula anamulonjeza kudzaonera KISS ikuimba ulere. Stanley, yemwe amajambulanso zithunzi, anatenga mbali pokonza yunifolomu ya malawi a moto. Kapeti wa bwalo, amene kwina konse amakhala wobiriwira, iwo anamuika wasiliva. Uphunzitsi anaupereka kwa Bob McMillen, katswiri wakale wa ligiyi amene anali ataphunzitsa Chicago Rush.

Poyamba zinaoneka ngati zitheka. Mu Malichi 2014 LA KISS inagonjetsa San Antonio Talons 41-38 pamasewero ake oyamba, koyenda. Pa 5 Epulo inasewera koyamba pakhomo ku Anaheim, anthu oposa 12,000 atadzaza mipando, ndipo inakwapula Portland Thunder 44-34. Amene analipo usiku umenewo anaona zambiri kuposa mpira. Moto unkaphulika osewera akamalowa, magitala akulira osapuma. Atsikana ovina anawaika m'zitolokosi zolendewera kudenga, pamwamba pa mitu ya osewera. Masewero akangoima pang'ono, anyamata a njinga za BMX ankalowa kudzatembenuzika m'malere. Munthu sankapeza mpata woyasamula.

Chikomekome cha mkuyu. Itapambana masewero awiri mwa atatu oyambawo, timuyi inangopambananso kamodzi pa masewero 15 otsatira. Sizoni inatha itapambana 3 n'kugonja 15. Anayesa kusintha wosewera woponya mpira, yemwe ndiye mtima wa timu pamasewerowa, mpaka anatenga Aaron Garcia, mkhalakale wa ligiyi amene panthawiyo anali atapitirira zaka 40. Sizinathandize.

Manyazi onsewo anaonekera poyera, chifukwa eni ake anali ataitana makamera. Kanema wa AMC anaulutsa pulogalamu yotchedwa 4th and Loud kuyambira mu Ogasiti 2014, yoonetsa za kuseri: mphunzitsi akukalipa, osewera akuuzidwa kuti ntchito yatha, mabwana akukangana. Pulogalamuyi ndi imene inaonetsa bwino kusiyana kwa anthu a m'timu imodzi. Pamwamba panali oimba olemera kwambiri. Pansi panali anyamata amene ambiri ankalandira ndalama zosakwana madola 1,000 pamasewero amodzi, akuika mawondo ndi makosi awo pachiswe poyembekeza kuti tsiku lina NFL idzawaona. Chiyembekezocho sichinali chopanda maziko. Kurt Warner anasewera mpira wa m'holowu ku Iowa Barnstormers asanakatenge chikho cha NFL cha Super Bowl ndi Rams mu Januwale 2000. Koma a Warner sabadwa chaka chilichonse. AMC inaisiya pulogalamuyi itangoulutsa sizoni imodzi.

Apa ndi pamene, m'kuona kwanga, nzeru za oimba zinathera. Gulu loimba limafika mumzinda kamodzi pachaka kapena pazaka ziwiri, limaimba nyimbo zimene anthu akuzidziwa kale, ndipo palibe amene amabwerera kwawo atagonja. Timu ya mpira imapempha anthu omwewo kuti abwere ka 8 kapena ka 9 pasizoni, ndipo chimene akudzagula sichili m'manja mwa mwini timu. Moto ukaphulika kachitatu mofanana sudabwitsanso. Chotsala n'chakuti munthu walipira tikiti, walipira poimika galimoto, wagulira ana zakudya, ndipo timu yake yakwapulidwanso.

Chaka cha 2015 chinali chimodzimodzi. Bouchy anachoka, utsogoleri unasintha, zionetsero zina anazichepetsa kuti mabanja azibwera ndi ana momasuka, koma timu inapambana 4 n'kugonja 14. Oonerera, amene chaka choyamba ankakwana pafupifupi 11,000 pamasewero amodzi, anatsika kufika cha m'ma 8,000. Chaka chomwecho woimba wina, Vince Neil wa gulu la Mötley Crüe, anayambitsa timu yake ya Las Vegas Outlaws. Iyo sinamalize n'komwe sizoni ili m'manja mwa eni ake. Ligi inachita kuilanda, kenaka n'kuitseka.

Mu 2016, pansi pa mphunzitsi watsopano Omarr Smith, LA KISS inayamba kuoneka ngati timu ya mpira. Inapambana 7 n'kugonja 9, ndipo inalowa m'ndime yachipulula kwa nthawi yoyamba. Tisakometse kwambiri: ligi inali itatsala ndi matimu 8 okha, ndipo chaka chimenecho onse 8 analowa m'ndimeyi. Komabe KISS inapeza mwayi wosewerera pakhomo. Tsoka ilo, tsiku la masewerolo Honda Center inali itatengedwa kale ndi circus ya Ringling Bros., ya anthu oyenda pachingwe ndi nyama zophunzitsidwa. Timu imene inadzitchukitsa ndi zionetsero inachita kupatukira chionetsero china. Masewero ake "apakhomo" anakachitikira ku San Diego, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo kumeneko Cleveland Gladiators inaigonjetsa 56-52. Awo ndiwo anali masewero ake otsiriza.

Patangopita sabata imodzi, Rams, imene NFL inailola kubwerera ku Los Angeles mu Januwale chaka chomwecho, inasewera masewero okonzekera sizoni pabwalo la Coliseum pamaso pa anthu oposa 89,000. Njala imene KISS inkadalira inali itatha.

Kutha kwake kunali kwa kachetechete, kosayenerana ndi anthu amene anabwera ndi phokoso lotere. Mu Okutobala 2016 osewera ake anagawidwa kwa matimu otsala, basi. Si bwino kuwasenzetsa oimbawa mlandu wonse, chifukwa nyumba yonse inkagwa. Miyezi yomweyo Orlando Predators ndi Portland Steel zinatsekedwa, pamene Arizona Rattlers ndi Jacksonville Sharks zinathawira ku maligi ena. Mu 2017 Arena Football League inasewera ndi matimu 5, ndipo mu Novembala 2019 inakadzipereka kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole zake.

Pazaka zitatu zimene inakhalapo, LA KISS inasewera masewero a ligi 52. Inapambana 14 n'kugonja 38.