Penshoni Isanabwere Kunali Munda ndi Khola

Kukonzekera ukalamba ku Malawi sikunayambe ndi lamulo la penshoni. Amuna amene ankapita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku bungwe la Wenela sankalandira malipiro awo onse komweko, chifukwa gawo lina ankawasungira kuti adzalandire akabwerera kwawo. Ambiri ankagulira ndalamazo ng'ombe, njinga, makina osokera ndi malata, podziwa kuti mphamvu zikadzatha chodzawadyetsa ndi munda, khola ndi ana. Boma litaimitsa maulendowa mu 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, amene anali atagula zinthu zobereka ndiwo anali ndi pogwira.

Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, lokakamiza wolemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro ndi wantchito 5 peresenti, linafalitsa nzeru yomweyo m'maofesi ndi m'makampani: kusungira munthu ndalama akadali ndi mphamvu. Ena amati kusunga kotere n'kungotaya, poti ndalama ya kwacha imachepa mphamvu, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dandauloli ndi lomveka, ndipo limapweteka kwambiri wopuma amene sangabwererenso kuntchito. Komabe chimene likutsutsa ndi kudalira penshoni yokha. Ng'ombe za anthu a ku Wenela nazonso zinkafa ndi matenda, n'chifukwa chake ochenjera ankalimanso ndi kumanga nyumba. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti alimi ang'onoang'ono ndi ochita malonda m'misika, amene ndi ochuluka m'dziko muno, alibe wolemba ntchito wowasonkhera, choncho ukalamba wawo ukutsamirabe pa munda ndi ana.