Pabwalo la Milandu Sapitapo Wekha

Anthu ambiri amati loya ndi wa anthu andalama, ife osauka athu ndi mafumu. Mbiri ya mabwalo athu ikutsutsa maganizo amenewa, chifukwa ngakhale makolo athu sankalola munthu kudziyankhira yekha mlandu. Nkhani ya banja inkayamba ndi ankhoswe. Ikakhala ya malire a munda kapena mbuzi zodya mmera wa eni, mwinimbumba ndiye ankayankhulira mphwake pamaso pa nyakwawa ndi nduna zake, wolakwa n'kulipa nkhuku kuti anthu adyerenso limodzi. Atsamunda anakhazikitsa khoti lalikulu mu 1902, ndipo ngakhale anavomereza mabwalo a mafumu mwalamulo mu 1933, milandu yopha munthu inakhalabe m'manja mwa majaji.

Zinthu zinatembenuka mu 1969. Anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo oganiziridwa ena atamasulidwa chifukwa umboni unaperewera, boma la Dr. Kamuzu Banda linasintha lamulo. Makhoti otchedwa achikhalidwe anapatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha, kenaka youkira boma, mpaka kugamula kuti munthu anyongedwe, koma loya sankaloledwa kulowamo. Ankati uku n'kubwerera ku mwambo wathu, chonsecho anachotsa chinthu chenicheni chimene mwambowo unkateteza, ndicho munthu wokuyankhulira. Albert Muwalo anazengedwa m'khoti lotere n'kunyongedwa mu 1977. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, onse maloya ophunzira ku Britain, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, atawakaniza woimira mlandu komanso mboni zimene ankafuna. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka mu 1993. Ngati akatswiri a malamulo anasowa pogwira chonchi, nanga mlimi wosadziwa kuwerenga chikalata cha mlandu wake zinkamuthera bwanji? N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko a mu 1994 anaikamo ufulu wokhala ndi loya, ufulu wosayankha mafunso a apolisi, ndiponso lamulo loti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48.

Ena amati maloya amapulumutsa zigawenga. Zimawawa ndithu kuona amene ukumukayikira akutuluka, koma zaka za makhoti aja zinaonetsa kuti pamene umboni sufunsidwa mafunso, wosalakwa ndiye amayamba kupsa. Ena amati maloya ndi odula, ndipo pamenepa akunena zoona. Komabe lamulo la mu 2011 linabweretsa Legal Aid Bureau yoimira anthu osauka, ngakhale kuti maloya ake ndi ochepa ndipo milandu imawachulukira.

Sikuti mkangano uliwonse ngwa loya. Kunyozana kuchitsime kapena ngongole ya thumba la chimanga, amfumu amathetsa bwino kuposa majisitireti, poti anthuwo mawa adzakumananso pamaliro. Koma mbale wanu akagona m'chitokosi, achibale a malemu akayamba kutulutsa katundu m'nyumba ya mayi wamasiye, kapena wina akabwera ndi pepala la malo loti mudindepo chala, musadikire kuti zifike poipa. Funsani wodziwa malamulo musanasaine chilichonse.