Kusamala nthiti zothyoka kapena zofufuma

Munthu ali ndi nthiti 24, mbali iliyonse 12, ndipo ntchito yake ndi kutchinjiriza mtima ndi mapapo. Zimathyoka kapena kufufuma pa ngozi zapamsewu, monga kugwa panjinga yamoto ya kabaza, poterereka m'bafa, powombana pampira ngakhalenso pomenyedwa. Kwa okalamba amene mafupa awo adafooka, kutsokomola kwambiri kokha kumatha kuthyola nthiti.

Chizindikiro chachikulu ndi ululu wobaya pokoka mpweya, potsokomola, poyetsemula kapena poseka. Kaya nthiti yathyokadi kapena yangofufuma, chisamaliro chake n'chimodzimodzi, ndipo imapola yokha pakati pa masabata atatu ndi asanu ndi limodzi. Nthiti saiika pulasitala ngati mkono, chifukwa imayenera kusuntha nthawi iliyonse pamene munthu akupuma.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Poona mbale wawo akubuula, amam'manga pachifuwa ndi chitenje kapena bandeji mothinitsa. Ululu umachepadi, koma mapapo amalephera kufutukuka, makhololo amaunjikana m'kati, kenako chibayo chimalowa. Kale achipatala nawonso ankamanga chomwechi, koma adaleka ataona zotsatira zake.

Chofunika ndi kuchepetsa ululu kuti wodwala azipuma mokwanira. Wamkulu angathe kumwa mapilitsi awiri a Panado a 500mg, osapitirira kanayi pa maola 24. Brufen amathandizanso, koma sayenera amayi oyembekezera ndi odwala zilonda zam'mimba kapena impso. Masiku oyambirira, ayezi wokulunga m'kansalu aikidwe pamalopo kwa mphindi 20 kangapo patsiku. Kuthowa ndi madzi otentha kudikire kutupa kutaphwa.

Ola lililonse wodwala akoke mpweya wambiri pang'onopang'ono kakhumi, ngakhale zikupweteka. Chifuwa chikabwera asachiumirize kukhala m'kati: akumbatire pilo pachifuwa n'kutsokomola. Mausiku oyamba agone chotsamira, ndipo masana aziyendayenda m'malo mongobindikira pabedi. Kusenza katundu, kulima ndi kusuta fodya ziyambe zaima.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Wodwala akayamba kubanika, kutsokomola magazi, kuchita chizungulire kapena kumva kupweteka m'mimba ndi paphewa, apite naye kuchipatala msanga. Nsonga ya nthiti yothyoka imatha kuboola phapo, mpweya n'kudzaza m'chifuwa mpaka phapolo kufwamphuka. Nthiti zam'munsi zimaphimba chiwindi kumanja ndi kapamba kumanzere, ndipo ziwalozi zikang'ambika magazi amatayikira m'kati osaoneka kunja. M'madera a malungo nkhaniyi njosaseweretsa, popeza kapamba wotupa ndi malungo sachedwa kuphulika ngakhale munthu atagundidwa pang'ono. Kutentha thupi ndi makhololo achikasu kapena obiriwira patapita masiku angapo ndi chizindikiro chakuti chibayo chayamba.

Kuchipatala, X-ray nthawi zina sionetsa mng'alu waung'ono. Dokotala akaitanitsa chithunzicho amakhala akufuna kuona mapapo koposa fupalo, choncho wodwala asadabwe akabwezedwa kunyumba ndi mankhwala opha ululu okha.

Okalamba ndi amene ali kale ndi mphumu kapena TB aonedwe ndi dokotala ngakhale ululu uli wochepa. Mwana wamng'ono ndiye asasungidwe n'komwe pakhomo: nthiti zake n'zofewa ndipo zimapindika m'malo mothyoka, kotero zikathyoka ndiye kuti chinam'gunda chinali champhamvu kwambiri.