Mawu oti "pub"

Ku England akati pub sakunena bala ngati athu ano ayi. Ndi chidule cha public house, kutanthauza nyumba ya munthu yomwe chitseko chake chatsegukira aliyense wofuna mowa, bola mwini wake ali ndi chiphaso. Kale mayina ankasiyana: alehouse inali ya mowa wofulula pakhomo, tavern ya vinyo, pomwe inn inkagoneka apaulendo n'kusunga mahatchi awo. Pang'onopang'ono pub inawameza onse.

Mu 1393 Mfumu Richard II inalamula kuti wogulitsa mowa aliyense apachike chikwangwani panja. Ambiri sankadziwa kuwerenga, choncho ankajambulapo chithunzi, ndipo nswala yoyera, chizindikiro cha mfumuyo, inatchuka kwambiri. N'chifukwa chake ma pub otchedwa White Hart, kutanthauza nswala yoyera, ali mbwee.

Imodzi, yotchedwa Old White Hart, ili pabwalo la msika ku Newark-on-Trent. Inasiya kale ntchito yake yoyamba. Inasanduka sitolo, kenako ofesi ya bungwe lobwereketsa ndalama za nyumba. Koma kumaso kwake, komangidwa ndi mitengo m'zaka za m'ma 1400, kukadali timafano ta oyera mtima tondandalikana m'mizere. Akatswiri amadziwa msinkhu wa nyumba zotere powerenga mizere yozungulira ya mkati mwa mitanda, yomwe imasonyeza nthawi imene mtengo unadulidwa. Akakumba kuseli kwa malo ngati amenewa amapeza mapale a zikho, mabotolo ndi zibenthu za makaliwo adothi. Kunena mosakuluwika, Old White Hart inali inn, ngakhale lero ambiri angangoti pub yakale.